Alamu Anga ndi Tintchentche Tothamanga

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anayamba ntchito ya nyama asanamere ndevu. Poyamba anali wonyamula chabe kumalo ophera ng'ombe: mwendo wa ng'ombe paphewa, kuchoka posendera kukafika pa lole. Pansi pamenepo pamakhala poterera ndi magazi ndi madzi, ndiye wosenza katundu wolemera sayenda ngati akupita kutchalitchi. Amathamanga pang'ono, n'kuima kuti aone poponda, n'kuthamanganso. Ntchitoyo anaisiya kalekale koma iyo sinawasiye. Msana unapindika cha kumtunda kuno, mutu unalowa m'mapewa, ndipo mpaka lero akamapita kogula mchere amathamanga, kuima, kuthamanganso, ngati pali wina akuwaitana kumbuyo n'kumasintha maganizo.

Achemwali anadziwana nawo pobweza nyama. Anali atagula nyama n'kukapeza kunyumba kuti theka lake ndi fupa. Alamu, amene nthawi imeneyo ankagulitsa pa butchala ya munthu wina, anawafotokozera kwa nthawi yaitali kuti fupa si mlandu wa wogulitsa, ndi mlandu wa ng'ombe. Achemwali amati anavomera ukwati chifukwa anatopa kuimirira.

Patapita zaka anatsegula butchala yawoyawo. Ine ndine telala, ndipo makina anga ali pakhonde loyang'anizana ndi khomo lawo, choncho zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. Butchalayo inali chipinda chimodzi cha matailosi oyera, kauntala, sikelo, chipika chodulirapo mafupa, ndi kachipinda kozizira kumbuyo. Paukhondo, alamu anali woopsa. Ankakolopa pansi ndi jiki mpaka makasitomala ena ankavula nsapato pakhomo osauzidwa. Epuloni yawo inkasitidwa ngati ya dokotala. Ndipo anali ndi chikhulupiriro chimodzi chosagwedezeka: choipa chilichonse chimachokera panja, makamaka khomo loyandikana nawo.

Khomo limenelo linali la mayi wogulitsa zipatso. Udani wawo unayamba tsiku lina alamu ataterereka pa khoko la nthochi ali ndi mutu wa ng'ombe m'manja. Anagwa chagada, mutu wa ng'ombe n'kuwakhala pachifuwa, kuyang'anizana nawo maso ndi maso. Mayiyo anaseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira pamenepo, magetsi akazima, mpeni ukabuntha, mvula ikadontha padenga, alamu ankayang'ana khoma la mayiyo n'kupukusa mutu.

Nyengo yotentha ya chaka china, mphunzitsi wina wopuma ntchito anabwera kudzagula chiwindi. Anawerama pa kauntala, n'kukonza magalasi.

"Bambo, mwayamba kuthiriratu tsabola pa nyama?"

"Tsabola wanji? Ine ndimagulitsa nyama, sindiphika."

"Nanga tsabolayu akuyenderanji?"

Alamu anayang'ana. Pa kauntala yawo yoyera mbee panali timadontho toderako, kalikonse ngati mutu wa phini. Anatambasula dzanja, phaa! Kadontho kanali katasuntha kale. Sikanauluke ngati ntchentche zimene timazidziwa. Kanathamanga, n'kuima, n'kukhota, n'kuthamanganso. Mapiko kanali nawo, koma kankaoneka kuti kakuwasungira tsiku lalikulu.

"Ntchentche yanji yoyenda wapansi mapiko ili nawo?" anatero alamu. "Imeneyi yaledzera ndi nthochi zowola. Ndikudziwa kwawo."

Madzulo ake anatenga botolo la jamu lopanda kanthu, n'kutha nthawi yaitali akukusira tintchentche m'menemo ndi kapepala. M'mawa anakaliika pa tebulo la mayi wa zipatso, pakati pa malalanje.

"Mayi, ziweto zanu zalowa m'munda mwanga."

Mayiyo ananyamula botolo, n'kuliyang'anitsitsa padzuwa.

"Ziweto zanga ndimazidziwa, bambo. Zanga zimauluka, zimazungulira pa nthochi mwaulemu. Izi zothamanga ngati zaba kanthu si zanga."

Alamu asanafike pa kauntala, botolo linali litawatsatira kale. Linayamba kuyenda ulendo wa tsiku ndi tsiku. Alamu akatsegula m'mawa ankalipeza pakhomo pawo. Mayi akapita kotunga madzi ankalipeza m'dengu la mapapaya. Poopa kuti umboni ungafe ndi njala, alamu anaponyamo kachidutswa ka nyama. Mayi, posafuna kuti anenedwe kuti amamana, anaponyamo kanthochi. Umboni unanenepa, n'kuyamba kuswana. Loweruka ndi Lamlungu botolo linkagona kwa ine, pansi pa makina, chifukwa onse awiri ankati winayo angasinthe tintchentche.

Ndi achemwali amene anatopa nazo.

"Inu, bwanji osapita nalo kwa wokonza mawotchi? Uja ali ndi kagalasi kapadiso. Aone nkhope zake, nkhani ithe."

Wokonza mawotchi amakhala kumapeto kwa khonde lomwelo, bambo wofatsa wosakonda mikangano. Tinapita tonse: alamu ndi botolo, mayi wa zipatso ndi kantchentche kake kamene anakagwira yekha pa nthochi, achemwali, ine, ndi anthu ena amene analibe chochita. Bamboyo anaika kagalasi padiso, n'kutola kakufa kamodzi ka m'botolo ndi kopanira kake.

"Kali ndi linunda ngati ng'ombe," anatero. "Mutu ndi waung'ono, wazyolika pansi. Miyendo yakumbuyo ndi yonenepa ngati ya wopalasa njinga."

"Maso?" anafunsa mayi wa zipatso.

"Akuda."

"Taonani kangaka tsopano."

Anakaona. "Aka maso ake ndi ofiira psuu, ngati kagona kumowa. Msana ndi wowongoka bwinobwino, linunda palibe."

"Ndiye tiuzeni," anatero alamu, "tam'botoloti n'ta ndani?"

"Ine ndingoti awiriwa si pachibale. Kupitirira apo, ine ndimadziwa mawotchi." Anayang'ananso m'botolo, momwe tamoyo tinali piringupiringu. "Koma kuthamanga kokha tikuthamanga. Tikanakhala wotchi ndikanatibweza m'mbuyo pang'ono."

Alamu analanda botolo mokwiya n'kuuyamba wobwerera ku butchala. Anathamanga pang'ono, n'kuima, n'kukhota kupewa njinga, n'kuthamanganso, msana uli chopindika, mutu uli pansi. Mayi wa zipatso anawaperekeza ndi maso, kenaka n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Anthu inu, mukuvutikiranji ndi magalasi? Taonani bambo ake!"

Khonde lonse linafa ndi phwete. Ine ndinaluma tepi yoyezera kuti ndisaseke pamaso pa achemwali. Iwo anakwiya, n'kumuuza mayiyo kuti asamale pakamwa pake. Koma titatsala awiri anandinong'oneza, "Iwe, kufanana kokha akufanana."

Mawu amenewo anawapweteka alamu kuposa kugwa kwa pa khoko la nthochi. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo, mutu m'mwamba, ngati msilikali wonyamula mbendera. Anthu ankaganiza kuti atuluka chithupsa. Mlungu usanathe msana unawagwira, achemwali n'kumawathowa ndi madzi otentha, ndipo anabwerera ku mayendedwe awo akale. Pamenepo anachita chimene munthu wa butchala wanzeru zake sachita: anapita okha ku ofesi ya zaumoyo kukaitana oyendera malo, kuti adzaone uve wa mayi wa zipatso.

Kunabwera mayi wina wamkulu thupi, wa chikwama chachikopa, atatopa ndi dzuwa. Kwa mayi wa zipatso sanachedweko. Anamuuza kuti azitaya zowola msanga ndi kuvundikira bini, basi. Kenaka analowa m'butchala kuti aone odandaulawo, n'kufunsa pokhala.

Pokhala m'butchala ya alamu panali pamodzi. Chaka chapitacho fuliji yawo yaikulu, ija yotsegula chokweza ngati bokosi, inafa magetsi atabwera mwamphamvu. Inali yolemera kwambiri moti anangoikankhira kukhoma, n'kuikhoma loko kuti ana a makasitomala asamaseweretse chivundikiro. Ine ndinaisokera nsalu yamaluwa yofika pansi ndi kushoni pamwamba, n'kusanduka benchi. Pamenepo ndi pamene mayi wa zaumoyo anakhala, n'kuvula nsapato imodzi, n'kupempha botolo lija.

Anatulutsa kagalasi kake m'chikwama. Sanatenge nthawi.

"Bambo, iti si tazipatso. Tazipatso timauluka mozungulira, ndipo tambiri maso ake ndi ofiira. Iti tili ndi linunda, timakonda kuthamanga kuposa kuuluka, ndipo taonani phikoli." Anawapatsa kagalasi. "Kutsogolo kwake kuli mitsempha yokhuthala, yakuda, yothera pakati. Ina yonseyo ndi yopyapyala, yosadutsana. Chizindikiro chake n'chimenecho."

"Ndiye timadya nthochi," anatero alamu.

"Timaswana m'zowola zamitundumitundu. Koma tikachuluka chonchi m'butchala, funani nyama. Nyama yoiwalika, magazi otsalira m'ming'alu, mafuta omata m'paipi. Timaikira mazira m'menemo, mphutsi n'kumadya."

"Muno mulibe chowola, mayi. Chilichonse n'chotseka."

"Kutseka si kanthu kwa timeneti. Timalowa ndi m'bokosi la maliro momwe, lokwiriridwa pansi."

Achemwali anagwira pakamwa. Mayiyo anavala nsapato, n'kuyendera kachipinda kozizira, pansi pa sinki, kuseri kwa chipika. Anatuluka akupukusa mutu, n'kunena kuti butchala yaukhondo chonchi sanaione chaka chonsecho. Anafunsa za kafungo kena kamene ankakamva patalipatali pansi pa fungo la jiki. Alamu analoza khoma la mayi wa zipatso ndi mlomo.

"Kupopera mankhwala musavutike nako," anatero mayiyo pochoka. "Mupha timene mukutionati, mawa kutuluka tina. Matani selotepu pakamwa pa mapaipi, mosiya kampata. Pamene tamatirire tambiri, kwawo ndi komweko. Ndibweranso."

Alamu anagula selotepu yonse ya m'golosale. Anamata mapaipi, ming'alu, bowo la kiyi, soketi ya magetsi, ndiponso khoma lonse la mbali ya mayi wa zipatso kuyambira pansi mpaka pamene dzanja linafika. Achemwali anasowa pothira madzi otsukira mipeni. Mphaka wa m'golosale analowa kamodzi n'kutuluka atavala selotepu kumchira. Koma pa mapaipi sipanamatirire kanthu, ndipo pa kauntala tintchentche tinkangothamanga ngati kale.

Tsiku lina masana ndinaona alamu akutseka chitseko theka, n'kuvula epuloni, n'kuipinda bwinobwino. Anandikodola.

"Alamu, bwerani mukhale mboni. Ndaganiza. Ntchentche youluka sindingailondole. Koma iti timayenda wapansi ngati ine ndi inu. Ndikatsatira kamodzi, kandifikitsa kwawo."

Anagwada pa matailosi, n'kusankha kamodzi konenepa. Kantchentche kanathamanga, alamu n'kukwawa. Kanaima, alamu n'kuima. Kanazungulira mwendo wa kauntala kawiri, alamu n'kugunda mutu pa sikelo. Achemwali anangoima ndi mpeni m'manja, kukamwa yasa. Kenaka kanalunjika pakhomo, n'kutulukira pakhonde, alamu ali pambuyo ndi maondo. Anthu odutsa anaima. Wokonza mawotchi anabwera kagalasi kali padiso. Kantchentche kanakhotera kumanzere, molunjika tebulo la zipatso.

"Mwaona!" anakuwa alamu, nkhope ili pafupi ndi simenti. "Mboni zonse zione! Kakupita kwa amake!"

Kanafika pa mzere weniweni pamene khonde la butchala limathera. Kanaima. Kanapukuta kumaso ndi timiyendo takutsogolo. Kenaka kanatembenuka n'kubwerera liwiro, kudutsa pakati pa manja a alamu, kulowa m'butchala, n'kukazimirira pansi pa nsalu yanga yamaluwa.

"Kameneko n'kosokonezeka mutu," anatero alamu. Anasankha kena. Ako kanangouluka n'kuwasiya akuyang'ana kudenga. Kachitatu sikanavutike n'kupita panja. Kanayenda njira yachidule mpaka pa nsalu yomweyo.

Ndine amene ndinakweza nsaluyo, poti ndinaisoka ndine. Kumbuyo, mbali ya kukhoma, labala ya chivundikiro inali itang'ambika pang'ono. Pamenepo tintchentche tinali pamzere, tina kulowa, tina kutuluka, ngati pachipata cha fakitale. M'munsi mwake munali mulu wa timakoko tofiirira tonga mankhusu a mpunga, momwe mphutsi zimasandulikiramo.

 Alamu anadzuka pang'onopang'ono, n'kusasa maondo, n'kutembenukira kwa achemwali.

"Amayi, mufulijimu munachotsa nyama ija tsiku limene inafa, eti?"

"Ine? Si munati muchotsa ndinu mukabwerako kwa wamagetsi?"

"Ndinati tichotsa."

"Ti ameneyo ndi ndani?"

"Nanga inu pokhoma loko simunasuzumiremo?"

"Loko munakhoma ndinu, bambo. Ine ndinangokupatsirani."

"Munali chiyani?" ndinafunsa ine.

Anayang'anana. Munali mbuzi yathunthu, ziwindi, ndi ndowa ya zam'mimba.

Kiyi palibe anaidziwa kumene inali, ndipo kunena zoona palibe anaifuna. Mayi wa zaumoyo atabweranso n'kuuzidwa, anayang'ana benchiyo nthawi yaitali, kenaka n'kupotoloka kuyang'ana kumbuyo kwa siketi yake. Analamula kuti isatsegulidwe m'menemo. Aimate selotepu kuzungulira, aimange zingwe, ipite yonse kumtaya pa lole. Selotepu inalipo yambiri, anangoimatula kukhoma.

Anaitana azibambo onyamula katundu a pamsika. Ataikweza, m'kati munamveka khuvu-khuvu ngati madzi m'chigubu, ndipo mmodzi anayamba kupemphera chamumtima milomo ikugwedera. Apo alamu anakankha wina n'kugwira ngodya yakutsogolo.

"Ine ndanyamula ng'ombe inu musanabadwe. Tsatirani ine."

Vuto linali lakuti azibambo aja amayenda mofanana, phazi ndi phazi. Alamu anathamanga, akumbuyo n'kukokeka. Atangoti agwire liwiro lawo, alamu anaima. Akumbuyo sanaime. Fuliji inapendekeka, n'kutsetsereka m'manja, n'kumenya pa sitepe ya khonde, patsogolo penipeni pa tebulo la zipatso. Loko inagwira ntchito yake mokhulupirika, sinatseguke. Amene anathyoka ndi mahinjesi adzimbiri a mbali inayo.

Za fungolo sindidziwa ndinene bwanji. Onyamula katundu anathawa osayang'ana m'mbuyo. Woyendetsa lole anakweza magalasi n'kunyamuka wopanda katundu. Galu wina amene anakhala zaka akudikira mafupa pakhomo pa butchala anabwera akugwedeza mchira, ananunkhiza kamodzi, n'kuwoloka msewu. Anasamukira ku malo ogulitsa matayala ndipo sanabwererenso. Zovala za makasitomala anga ndinazichapa zonse ndisanazipereke, komabe mkwatibwi wina anandifunsa ngati nsalu ya diresi lake inali yachikopa.

Amene sanathawe ndi awiri. Alamu anaima pakati pa zinthuzo, nsapato zitamira, tintchentche tikuthamanga pa buluku lawo. Mayi wa zipatso analowa m'nyumba mwake. Tonse tinkadikira kuti atuluka ndi mawu amene msewu udzawakumbukire mpaka kale. Anatuluka atamanga mpango pamphuno, ndowa ziwiri m'manja, tsache kukhwapa. Ndowa imodzi anaiika pamapazi a alamu.

"Yambirani uko, ine ndiyambira kuno."

Anakolopa mpaka dzuwa kupendeka, mayi wa zaumoyo akulamula ali kutsidya kwa msewu. Anathira laimu ndi jiki, zotsalazo n'kuzikokera m'matumba. Ali pakati pa ntchito ndinamva alamu akukonza kukhosi.

"Mayi, n'kutheka kuti tina mwa tintchentche tija tinali tanga."

"Tina?"

Alamu anakolopa kanthawi. "Tambiri ndithu."

Kupepesa kwawo kunathera pamenepo, ndipo mayiyo anakulandira. Tintchentche tinachepa, kenaka n'kutha. Alamu anakhomesa benchi ya thabwa limodzi ndi miyendo inayi, yoti munthu ukawerama umaona khoma kuseri.

Lero alamu ndi okalamba. Butchala akuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake. Koma kuchokera tsiku lija sakhala pa chinthu chimene sakudziwa m'kati mwake. Akafika panyumba ya munthu n'kupatsidwa mpando wa kushoni, amayamba augogoda, n'kuika khutu. M'basi amafunsa kondakitala kuti pansi pa mpando pali chiyani. Kuchipatala anakana kugona pa bedi la madilowa mpaka namwino atawatsegulira onse.

Mwezi wathawu ana anawagulira sofa yatsopano, yofewa, yoti msana wawo upumepo. Inafika masana. Madzulo achemwali anandiimbira foni kuti ndibwere ndi singano yaikulu. Ndinapeza sofa ili chadodolido pakati pa balaza, nsalu yapansi itang'ambidwa bwinobwino ndi mpeni wa nyama kuchokera ngodya kufika ngodya, alamu atalowetsamo mutu ndi tochi.

"Mwapezamo chiyani, alamu?"

Anatulutsa mutu, n'kundionetsa pensulo ya kalipentala ndi chivundikiro cha botolo la fanta.

"Lero ndi zimenezi," anatero. "Za mawa sitidziwa."

Ndinakhala pansi n'kulowetsa ulusi pa singano. Nditangobaya kawiri anandigwira dzanja.

"Musatseke, alamu. Ikanipo zipi."